Chingwe cha Agogo

1. Pakhonde

Linali Lamulungu masana, dzuwa litapendeka pang'ono. Banja lonse linali pakhonde la nyumba ya malemu agogo aamuna.

Amayi ankasankha nyemba m'lichero. Amalume aakulu, amene anali kalipentala, anakhala pampando wa agogo, koma cham'mphepete, ngati akuopa kuti mwini wake atulukira. Amalume aang'ono, dalaivala wa lole, anayedzamira chipilala akuseweretsa makiyi. Akazi awo anakhala pamkeka pawokha, atalozetsa msana kwa amayi.

Pamasitepe panakhala Kapensulo, mtsikana wa Fomu 2. Dzinali anamupatsa ndi agogo omwewo, chifukwa anali wamtali, wowonda, ndipo m'tsitsi mwake simunkasowa pensulo.

Pakati pawo panali chingwe chokulungidwa bwino. Agogo anachipota okha, ndipo utali wake unali wofanana ndendende ndi dimba lawo, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Dimbalo linali lalitali, lopapatiza, lofanana m'lifupi paliponse. Agogo sankayeza malo ndi mapazi. Ankati phazi la munthu wanjala limatalika. Akafuna kubwereka munthu malo olima, ankapinda chingwecho mofanana, pasanu kaya pakhumi, n'kuyala mpindo umodzi pansi. Pothera mpindowo ankakhomapo chikhomo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amalume aakulu anakhosomola.

"Mawu a bambo tonse tinawamva," anatero. "Anati: 'Dimba ligawidwe ndi chingwe changa. Aliyense wa inu atatu achipinde mofanana, atenge mpindo umodzi wokha. Wamkulu ali ndi ana ambiri, achuluke. Wapakati atsatire. Wotsiriza achepe. Pasafanane awiri. Pasatsale dothi ngakhale lodzaza chikhatho. Ndipo chikhomo chikalowa m'nthaka chalowa. Wochizula si mwana wanga.'"

"Pamene ankanena zimenezo n'kuti mwamuna wanga ali moyo," anatero amayi chapansipansi. Iwo ndiwo anali otsiriza kubadwa.

"Tikudziwa, mlongo wanga. Koma mawu sitingawabweze kumanda kuti akawasinthe."

Amalume aang'ono anaseka mopanda chimwemwe. "Akulu aja! Ali moyo, chingwe. Atamwalira, chingwe. Ndiye ine ndipinde pangati, achimwene? Ine ndimawerenga magiya basi."

Anayesa pomwepo. Wina anapinda uku, wina uko, chingwe n'kupiringizana m'miyendo ya mpando. Mawu anayamba kukwera.

"Pindani mmene mungapindire," anatero akazi a amalume aang'ono osatembenuka. "Koma chitsime chikagwera kwathu, ine ndimanga mpanda. Ndatopa ndi anthu opondaponda."

Amayi anasiya kusankha nyemba. Chitsime m'dimba monse chinali chimodzi, chakumunsi, ndipo ndiwo zamasamba zimene amayi ankagulitsa zinkamwa pamenepo.

"Basi!" anatero amalume aakulu. "Tili ndi mwana wasukulu pano, tikulimbiranji? Iwe Kapensulo, tenga chingwechi. Dzuwa lisanalowe utiuze aliyense apinde pangati. Mawa m'mawa tikhoma, amalume akowa asanapite ndi lole yawo."

2. Miyala khumi ndi iwiri

Kapensulo anayika chingwe m'thumba n'kulunjika kwa aphunzitsi ake a masamu. Anali bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu. Anawapeza kuseri kwa nyumba akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pambali.

"Lamulungu lomwe masamu?" anafunsa. "Kapena kwanu kwakuthamangitsa?"

Kapensulo anagwada n'kufotokoza zonse. Kenako analemba pansi ndi kamtengo:

1/a + 1/b + 1/c = 1

"Ehe," anatero aphunzitsi. "Ndipo a, b ndi c akhale manambala athunthu, popeza chingwe sungachipinde pawiri ndi theka. Agogo ako anali munthu. Tiye nazo. Onse atatu akapinda patatu?"

"Dimba likwana, koma afanana. Agogo anakana."

"Wamkulu akapinda patatu, enawo n'kutenga zocheperapo?"

"Patsala dothi."

"Ndiye wamkulu achite bwanji?"

Kapensulo anazula pensulo m'tsitsi, n'kuyibwezeramo. "Apinde pawiri. Akapanda kupinda ndiye kuti watenga dimba lonse."

"Latsala theka. Wapakati?"

"Akapinda panayi, wotsiriza nayenso apinda panayi. Afanananso." Anaganiza pang'ono. "Akapinda pasanu, wotsiriza atenga chochepera pamenepo, ndipo theka silidzaza. Ndiye apinde patatu."

"Chotsala?"

Kapensulo anawerengera pansi. Atamaliza anayika kamtengo pambali.

"Pasanu ndi pamodzi," anatero. "Amayi apinde pasanu ndi pamodzi."

Aphunzitsi analemba mayankho onse pamzere: 3, 3, 3. Kenako 2, 4, 4. Kenako 2, 3, 6.

"Funsoli lili ndi makomo atatu okha," anatero. "Awiri agogo ako anatseka. Latsala limodzi."

"Palibe lina, aphunzitsi? Manambala ndi ambirimbiri."

"Ndi ambiri, inde. Koma wawatsekera wekha kunja pompano. Ukhoza kusaka mpaka imvi ngati zangazi."

"Nanga 2, 3, 4?"

Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatola miyala khumi ndi iwiri n'kumuthira m'manja.

"Ili ndi dimba. Apatse amalume aakulu theka."

Anayika isanu ndi umodzi.

"Aang'ono gawo limodzi mwa atatu."

Anayika inayi.

"Amayi ako limodzi mwa anayi."

Pankafunika itatu. M'manja mwa Kapensulo munatsala iwiri.

Aphunzitsi anamiza chubu m'madzi. Tinthovu tinayamba kutuluka pamalo amodzi.

"Tamvera, mwanawe," anatero. "Chubu ichi ndikachiyang'ana ndi maso, n'chabwinobwino. Ndikhoza kuchiyika m'tayala, kupopa, kukwera, anthu n'kumati aphunzitsi akonza njinga. Koma kabowoka sikamva zonena za anthu. Kadikira ndifike pakati pa ulendo, kutali ndi kwathu, kutali ndi kumene ndikupita. Yankho labodza limatero. Silikugwetsa pamene ukulinena. Pamenepo anthu amakuombera m'manja. Limadikira tsiku limene achibale atsamira pa ilo ndi thupi lonse.

"Ndaphunzitsa ana ambiri. Amene sadziwa masamu sindiwaopa, chifukwa akalakwitsa aliyense amaona. Ndimaopa mwana wodziwa, chifukwa akanena anthu sayesanso. Mwala wasowawo sudzagwa kumwamba. Udzachoka m'manja mwa munthu, ndipo munthuyo adzakhala wachibale wako. Ngati gawo la amayi ako lachepa, kanene kuti lachepa. Kapemphe poyera, ulire ngati n'kulira. Amalume ako ali ndi makutu. Koma usakabise pempho lako m'kati mwa nambala. Wakutsina khutu ndi mnansi. Wandimva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Miyalayo siya pompo."

Kapensulo anayang'ana m'manja mwake. Anali adakafumbata iwiri ija.

3. Kudimba

Pobwerera sanadzere kunyumba. Anatsikira kudimba.

Kumunsi kwenikweni anamangirira nsonga ya chingwe pachitsa cha m'malire. Anachipinda pasanu ndi pamodzi, mosamala, monga ankachitira agogo, n'kuyala mpindo umodzi chokwera. Mpindowo unathera pakati pa bedi la kabichi. Chitsime chinali patsogolo pake, chapafupi ndithu, poti munthu akhoza kuponyapo chipewa.

Anakoka chingwe kuti mwina chitambasuka. Chingwe cha agogo sichinkatambasuka.

Anachimasula n'kuchipinda panayi. Ulendo uno mpindo unadutsa kabichi, unadutsa chitsime, n'kukathera kuseri kwake.

"Wayamba kale kukhoma?"

Anali amayi, akutsika ndi makeni awiri othirira. Kapensulo anakulunga chingwe msangamsanga.

"Ndimangoyesa, amayi."

Amayi anaponya ndowa m'chitsime n'kuyamba kukoka. Manja awo anali ong'aluka m'mizere, ndipo chala chimodzi anachimanga ndi kansanza.

"Chitsime ichi tinakumba ndi agogo ako ndili ndi pakati pako," anatero. "Iwo pansi, ine pamwamba kukoka dothi. Achimwene aang'ono n'kuti ali kumsewu. Akazi awo aja n'kuti tisanawadziwe n'komwe." Anathira madzi m'keni. "Popanda madzi awa, chilimwe chikafika ndilibe chonyamula kumsika. Ndipo ndikasowa chonyamula, iwe yunifolomu ija upachika."

Kapensulo analowetsa chingwe m'thumba.

"Wapeza chiyani kwa aphunzitsi?"

"Sindinamalize."

"Chabwino. Ukamaliza unene zimene wapezazo. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma iwe ndimakudalira."

Amayi ananyamula makeni n'kulowa m'mizere ya tomato, msana utapindika. Kapensulo anawayang'ana mpaka anafika kumapeto kwa mzere.

4. Yankho

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, onse anabwerera pakhonde, aliyense pamalo pake pomwe paja.

"Tiuze, mphunzitsi wamkulu," anatero amalume aang'ono. "Ine mawa ndili ndi ulendo."

Kapensulo anayimirira, manja kumbuyo. Anayang'ana amayi, anayang'ana msana wa akazi a amalume ake, kenako anayang'ana pansi.

"Amalume aakulu apinde pawiri," anatero. "Amalume aang'ono patatu."

"Nanga mayi ako?"

"Panayi."

Amalume aakulu anawerenga ndi zala. "Ziwiri, zitatu, zinayi. Taonani mmene zatsatirana! Ngati masitepe. Ndimadziwa ine kuti bambo sangatisiyire chinthu chokhota."

"Zangokhala zophweka chonchi, ife n'kumakolana miyendo ndi chingwe?" anaseka amalume aang'ono.

"Aphunzitsi ako aziona?" anafunsa amayi.

"Ndinapita kwawo," anayankha Kapensulo. Kenako anawonjezera mofulumira: "Poyeza ndi bwino kuyambira kumapeto. Amalume aakulu ayambire kumtunda, amayi kumunsi. Chapakati n'cha amalume aang'ono."

"Ndiye bwino kwambiri," anatero amalume aang'ono. "Mukhome zanu ziwirizo, chotsala n'changa. Ine ndi chingwe sitigwirizana."

Akazi awo anatembenuka koyamba tsiku limenelo. Anamuyang'ana Kapensulo kuyambira kumapazi mpaka kupensulo.

Amalume aakulu anamuitana Kapensulo kuti ayandikire. Anamugwira dzanja ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Mwana wa mlongo wanga, wachita ntchito," anatero. "Ndikuuze chinthu, ndipo enanu mumve. Ine pantchito yanga ndaona mabanja ambiri. Amabwera atatu kudzagula bokosi la bambo awo, akulira limodzi, akugwirana mapewa. Chaka chisanathe ndimawaonanso, mmodzimmodzi, aliyense akufuna matabwa otchingira mnzake. Ukafunsa chinawalekanitsa, si munda wonse ayi. Ndi kamzere kamodzi ka nthaka, koti ngakhale mbuzi singagonepo. Amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona. Koma fupa limathyoka, ndipo likathyoka limapola mokhota.

"Thabwa ndimaliyeza kawiri ndisanadule, chifukwa sowo sabweza. Bambo anatiuza kuti chikhomo sichizulidwa pofuna kuti tiganize tisanakhome. Ife takalamba, maso a manambala tilibe. Lero maso athu ndiwe. Ukationetsa dzenje, tilambalala. Ukatiuza kuti njira ili bwino, tiyenda osayang'ana pansi. Choncho ngati pali pamene ukukayika, ngakhale pang'ono, nena panopa. Palibe akukalipire. Madzi akatayika saoleka."

Nkhuku zinali kulowa m'khola.

Kapensulo anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo anaona amayi akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu, akumwetulira.

"Palibe, amalume," anatero.

Madzulo amenewo amayi anatsuka mbale akuyimba. Chimwalirire agogo anali asanayimbepo. Kapensulo anati mutu ukumupweteka, ndipo chakudya chake anachivundikira ndi mbale ina.

5. Zikhomo

M'mawa kunacha ndi mitambo. Kapensulo anavala yunifolomu, natenga chikwama. Njira ya kusukulu inkadutsa pamwamba pa dimba, ndipo atafika pamenepo anayima kuseri kwa mtengo.

Onse anali kale m'munsimo. Amalume aakulu anali atasema zikhomo ziwiri za mtengo wouma. Anapinda chingwe pawiri, nayala kuchokera kumtunda, nakhoma chawo. Kulira kwa hamala kunamveka mpaka kunjira.

Kenako anatsikira kumunsi. Amayi anapinda panayi, amalume aakulu akuwathandiza kulinganiza nsonga. Mpindo unadutsa kabichi, unadutsa chitsime. Amayi anagwira chikhomo ndi manja onse awiri, achimwene awo n'kukhoma mpaka chinatsala mutu wokha.

"Chalowa," anatero amalume aakulu.

"Chalowa," anavomera amayi.

Amalume aang'ono anayang'ana kumwamba n'kutulutsa makiyi. "Tathana. Ine ndapita."

"Mupita kuti?" anatero akazi awo. "Anzanu ayeza, inu mwayeza? Katundu wa eni mumawerenga musanakweze pa lole. Wanu yemwe ndiye mulandire m'thumba lomanga?"

"Aa, mayi, mwana wawerenga kale."

"Wawerenga mwana wa yani?"

Amalume aang'ono anapumira m'mwamba. Anabweza makiyi m'thumba n'kutola chingwe.

Kusukulu belu loyamba linalira. Ana ena anamudutsa Kapensulo akuthamanga. Mmodzi anamukoka chikwama, koma iye sanasunthe.

Amalume aang'ono anapinda patatu. Anakoleka mpindo pachikhomo cha achimwene awo n'kuyamba kutsika chafutambuyo, akuyala chingwe, akuyimba kamluzu. Anayenda, anayenda. Chidendene chawo chinagunda chikhomo cha amayi.

Anayang'ana pansi. Anayang'ana m'manja. Chingwe chinali chisanathe.

Kamluzu kanaleka. Anadumpha chikhomocho n'kupitiriza, pang'onopang'ono tsopano. Anadutsa pambali pa chitsime. Chingwe chinakathera pakati pa bedi la kabichi, pamalo pomwe Kapensulo anayima dzulo lake.

Chitsime chinali pakati, kumbuyo kwa chikhomo cha amayi, m'kati mwa chingwe cha amalume.

"Ndinanena ine!" anakuwa akazi a amalume aang'ono. "Mayi ndi mwana wake anapangana! Zulani chimenecho!"

"Sichizulidwa," anatero amalume aakulu, koma mawu awo anali opanda mphamvu.

"Ndiye ine ndidye chiyani, achimwene?" anatero amalume aang'ono. Nthabwala zonse zinali zitawathera. "Bambo anati mpindo wathunthu. Wanga ndi uwu. Kapena inenso si mwana wawo?"

"Mwina mwapinda molakwika," anatero amayi. "Pindaninso. Mwana wanga sangalakwitse. Anapita mpaka kwa aphunzitsi."

Anapindanso. Amalume aakulu analinganiza nsonga okha, kawiri. Chingwe chinakathera pa kabichi pomwe paja.

Amayi anatsikira kumunsi okha, maso ali pansi. Pafupi ndi pothera chingwe anawerama. M'dothi lonyowa la bedilo munali mapazi a dzulo, ang'onoang'ono, ndi kamzere kamene chingwe chinasiya. Anakhala chiweramire kwa nthawi.

Mvula inayamba kuwaza. Belu lachiwiri linalira.

Amayi anaweramuka n'kuyang'ana kunjira, molunjika pamtengo paja, ngati ankadziwa kale kuti pali munthu.

"Kapensulo," anaitana. Sanakuwe. "Tsika kuno. Chikwamacho bwera nacho."